Mphepo Kumaso, Mimba Pansi: Kuwenda Mbawala ku Scotland

M'mapiri a kumpoto kwa Scotland mulibe pobisala. M'madera ambiri mitengo inatha kalekale, ndipo chimene chinatsala ndi udzu waufupi, miyala, madambo a dothi lakuda bii, ndi kachitsamba kotchedwa heather, kamene kawirikawiri kamalekeza m'munsi mwa mawondo. Pamtetete poteropo munthu wa mfuti amafunika kuyandikira nyama ya maso akuthwa ndi makutu osagona, imene imamva fungo lake iye adakali kutsidya kwa chigwa, mpaka patatsala mamita 100 kapena 150, iyo osadziwa kanthu. Ntchito imeneyi ili ndi eni ake. Maesiteti akuluakulu a m'mapirimo amalemba alenje okhazikika otchedwa stalker, anthu owenda nyama. Wofuna kuyamba ulenje amalipira tsiku limodzi n'kuyenda pambuyo pa mlenje woteroyo kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo zambiri zimene amaphunzira amazitola poyang'ana msana ndi zidendene za munthu ali patsogolo pake.

Nyama yake ndi mbawala yofiira, yaikulu kuposa nyama zonse zakutchire za pamtunda ku Britain. Imasiyana ndi mbawala zathu pa nyanga. Za mphongo ndi fupa lenileni lochita nthambi, zimathothoka zokha cha m'Malichi kapena Epulo, zina n'kumera chaka chomwecho, pamene zazikazi zilibe nyanga n'komwe. Mimbulu imene inkazidya inatha ku Scotland zaka zoposa 250 zapitazo, ndiye palibenso chozichepetsa kupatula munthu ndi chisanu. Zikachuluka zimabudula mphukira iliyonse ya mtengo. Ku Mar Lodge, m'mapiri a Cairngorms, mitengo yachilengedwe ya paini inayamba kumeranso bungwe la National Trust for Scotland, limene linatenga malowo mu 1995, litachepetsa mbawala. Kuchepetsa kwenikweni kumachitika pa zazikazi, zimene lamulo limalola kuziwombera kuyambira pa 21 Okutobala mpaka pa 15 Febuluwale, ndipo oyamba kumene ambiri amayambira pamenepa chifukwa mtengo wake ndi wotsikirapo kusiyana ndi wa mphongo. Ndi miyezi yozizira koopsa, ndipo chapakati pake dzuwa limalowa isanakwane 4 koloko.

Tsiku limayamba ndi pepala lokhomedwa pathabwa. Woyamba kumene nthawi zambiri alibe mfuti yakeyake, ndipo lamulo limamulola kugwiritsa ntchito ya esiteti bola mlenje ali pambali pake. Imakhala ya .243, .270 kapena .308, manambala onena kunenepa kwa chipolopolo m'zigawo za inchi. Pamwamba pake pali galasi loonera patali lokhala ndi kamtanda mkati, ndipo kukamwa kwake anamangirirako chitsulo chochepetsa phokoso. Mlendo amagona chafufumimba pa mamita 100 n'kuwombera kawiri kapena katatu. Mabowo akhale pafupipafupi, oti chikhato chimodzi n'kuwaphimba onse. Komatu mlenje sayang'ana pepala lokha. Amaona ngati chala chafulumira kukhala pa kachitsulo kowombera, ngati maso atsinzina mfuti isanalire, ndiponso kumene mpope waloza pamene munthuyo akudzuka. Zimenezi n'zimene zimamuuza kuti mlendo uyu afunika kumufikitsa pafupi motani. Akakhutira amachotsa chipolopolo mumpope, n'kulowetsa mfuti m'thumba lake lalitali, n'kuikoleka paphewa pake iye mwini. Mlendo adzaigwiranso nyama ili kale patsogolo.

Zovala za mlenje ndi za tweed, nsalu yochindikala ya ubweya wa nkhosa. Maesiteti ambiri ali ndi mtundu wawowawo, wolukidwa ndi ulusi wofanana ndi miyala ndi udzu wa phiri lawo. Ubweya sukhwekhwereza pokwawa, sunyezimira ukanyowa, ndipo umafundabe ngakhale utamwa madzi.

Polowera m'chigwa mlenje amayamba wakhala pansi. Amasesa phiri lonse ndi magalasi a maso awiri, ndipo akaona chokayikitsa amasolola telesikopu m'chikwama chachikopa. Ndi chipangizo chachikalekale, mipope yolowetsana imene imatalika ukaikoka, ndipo chimakulitsa chinthu maulendo 20 kapena kuposerapo. Kuchigwira osanjenjemera ndi luso palokha. Amatsamira mwala, n'kuimika bondo limodzi, n'kuzika ndodo yake pansi, dzanja lamanzere n'kufumbata ndodo ndi telesikopu pamodzi, moti thupi lonse limasanduka choimikira. Safuna nyama yathunthu ayi. Amafuna khutu lotuluka mu udzu, kuyererako kwa kumatako, kapena mzere wa msana wogona mopingasa pakati pa miyala yosongoka. Mlendo amatha kulozeredwa malo enieniwo katatu koma osaona kanthu, mpaka mwala wina utagwedeza khutu. Luso la maso limeneli n'limene linachititsa Lord Lovat mu 1900 kusonkhanitsa alenje a m'mapiriwa kukhala gulu la asilikali ozonda la Lovat Scouts pa nkhondo ya ku South Africa.

Kuona msambi n'kuyamba chabe. Mlenje amawerenga kuti zilipo zingati, zagona kapena zikudya, zikulowera kuti, ndipo ndi iti imene mutu wake sutsika. Pafupifupi msambi uliwonse uli ndi yaikazi yokalamba imene imadya pang'ono n'kudzutsa mutu, ndipo ikangouwa kamodzi zonse zimanyamuka. Amafufuzanso phiri lonse lapakati, chifukwa zimene zimawononga ulendo kawirikawiri ndi mbawala zina zobisika m'khwawa, zimene munthu amangoziponda mosayembekezera.

Kenako pamabwera nkhani ya mphepo, ndipo kwa ine apa ndi pamene pagona ulenje wonsewu. Maso a mbawala amanyengeka. Amagwira msanga chinthu choyenda, koma munthu wovala zosawala akangouma gwa, nyama imatha kumuyang'anitsitsa mphindi zingapo n'kubwerera ku udzu wake. Khutu nalonso limakayika, limafuna umboni wina. Mphuno yokha ndiyo sifunsa kawiri. Kafungo ka munthu kakangoifika, ngakhale kuchokera mamita mazanamazana, msambi wonse umakwera phiri n'kukatsikira kuseri. Choncho njira iliyonse imene mlenje amasankha imakhala yoti mphepo izimuomba kumaso kapena patsaya.

Vuto lake n'lakuti mphepo ya m'mapiri siyenda njira imodzi. Ikagunda thanthwe imabwerera. Ikadutsa pamsana wa phiri imapindikira pansi n'kuyamba kukwera mbali imene yachokera. M'zigwa zozungulira zotchedwa corrie, zimene madzi oundana anakumba m'mbali mwa mapiri kalekale, imazungulira ngati phala lotakasidwa mumphika, moti mitambo ikhoza kumapita kum'mawa pamene pansi fungo lako likupita kumadzulo. Kunja kukakhala bata, mpweya umakwera phiri dzuwa likatenthetsa nthaka, n'kutsika madzulo kukazizira. Mlenje amathothola udzu wouma n'kuutaya m'mwamba, amayang'ana kumene nkhungu ikukwawira, amaona mmene udzu wa kutsidya ukuweramira. Koposa zonse amakumbukira. Munthu amene wayenda phiri limodzi zaka zambiri amadziwa kuti mphepo ya kumadzulo ikafika pakhwawa lakutilakuti imatembenuka, ndipo zimenezi sizili pa mapu alionse. Akamva kuzizira kumbuyo kwa khosi amaima pomwepo n'kubwerera.

Mbawala nazo zimaidziwa mphepo. Pogona zimakonda kuipatsa msana n'kuyang'ana kumunsi kwa phiri, kuti mphuno ilondere kumbuyo, maso alondere kutsogolo. Mpata umene umatsala ndi wa m'mbali, makamaka chakumtunda pang'ono. N'chifukwa chake nyama zimene zikuoneka pa kilomita imodzi zimatha kudya maola awiri akuyenda: kutsika, kuzungulira kuseri kwa phiri, kukwera mpaka pamwamba, n'kuzitulukira kumene sizikuyembekezera.

Poyenda amandondozana, mlendo kuponda pamene mlenje waponda, kuti nyama ikawaona ione chinthu chimodzi chokha. Sadutsa pamsana wa phiri ali chiimire, poti munthu akachita mdima pathambo amaoneka kutali kwambiri. Amatsata makwawa ndi timitsinje, m'mene phokoso la madzi limameza la nsapato. Nkhosa amazilambalala patali, chifukwa nkhosa yothawa imauza phiri lonse, ndipo mbalame ya grouse ikabuka m'chitsamba ndi kulira kwake kwaukali, onse awiri amagwa pansi n'kudikira. Pa kachitunda kalikonse mlenje amasuzumira pang'onopang'ono, mutu kukwera mosaoneka kuti ukuyenda, n'kutsikanso chimodzimodzi. Mawu amatha. Chikhato chikaloza pansi ndiye kuti khalani pansi, chala chikakodola ndiye kuti senderani.

Mamita omaliza ndi a mimba. Amayamba chowerama, kenako chokwawa ndi manja ndi mawondo, kenako thupi lonse pansi. Kukwawa kwa mlenje n'kosiririka. Zigongono zimapita patsogolo, zala za kumapazi zimakankha, thupi n'kutsetsereka pang'ono, zidendene zitagonekedwa cham'mbali kuti zisatumphuke. Mlendo amaiwala ziwiri: matako ndi nkhope. Amabisa mutu bwinobwino kumbuyo kukuoneka, kapena amadzutsa nkhope kufuna kuona nyama, pamene khungu la nkhope limaonekera msanga pa udzu wofiirira. Ntchito yake ndi kuyang'ana pansi pa nsapato za mlenje, zikayenda ayende, zikaima aime, ngakhale dzanja litatsala m'malere kapena chibwano chili m'thope. Madzi ozizira amalowera m'mikono ya jekete n'kukatulukira m'chiuno. Mamita 50 amatha kutenga theka la ola.

Pofikira pake pamakhala kachulu kapena mwala umene mlenje anausankha ali kutsidya ndi telesikopu. Apa amayamba kusankha nyama, ndipo safuna yonenepa. Amafuna yokalamba ya msana wolowa ndi mafupa a m'chiuno otuluka, yowonda ya ubweya wonyankhalala, kapena mwana wofooka amene sangapirire chisanu. Ngati yosankhidwayo ili ndi mwana, mwanayo ndiye amayamba kuwomberedwa, chifukwa wamasiye amapirikitsidwa ndi zinzake n'kufa pang'onopang'ono ndi njala. Amaonetsetsanso kuti kuseri kwa nyamayo kuli nthaka yoti imeze chipolopolo chikapyoza. Ikakhala pamsana wa phiri, kuseri kwake kuli thambo lokha, sawombera ngakhale itaima bwino chotani, poti chipolopolo chimatha kuuluka makilomita angapo.

Ngati yagona, amadikira kuti idzuke yokha. Likhoza kukwana ola. Mlendo wochenjezedwa amapisa dzanja lamanja m'jekete kuti chala chisachite dzanzi.

Ikadzuka, mlenje amasolola mfuti m'thumba, n'kutambasula timiyendo take tiwiri, n'kulowetsa chipolopolo mwakachetechete, n'kuikankhira kwa mlendo. "Yachitatu kuchokera kumanzere. Mwaiona? Dikirani itembenuke." Imafunika iime chopingasa, nthiti zonse poyera. Kamtanda kamakwera motsata kumbuyo kwa mwendo wakutsogolo mpaka chapakati pa thupi, pamene pali mtima ndi mapapo. Kumutu salozako. Mutu ndi waung'ono, sukhazikika, ndipo kuphonya pang'ono kumaphwanya nsagwada, nyama n'kuthawa kukafa patapita masiku. Nthawi imeneyi ndi imene thupi la woyamba kumene limamuukira. Mtima umagunda mpaka m'makutu, kamtanda n'kumavina pa nyama yonse. Mankhwala ake ndi omwe aja a papepala: kukoka mpweya, kutulutsa theka, kufinya kachitsulo pang'onopang'ono osakoka, diso lili chitsegulire. Mfuti ikangolira mlenje amati, "Ikani china, musaichotse diso."

Iye amakhala akuyang'ana pa magalasi, chifukwa mmene nyama yalandirira chipolopolo zimanena pamene chalowa. Yolasidwa mtima imadumpha n'kuthamanga mutu uli pansi mamita makumi angapo, kenako n'kugwa. Yopinda msana n'kuyenda monyang'ama yalasidwa m'mimba, ndipo ifunika china mwamsanga. Yogwa nthawi yomweyo ndiyo amaikayikira kwambiri, poti chipolopolo chongodutsa pafupi ndi fupa la msana chimaikomola chabe, ndipo ikhoza kudzambatuka n'kuthawa. Onse awiri amakhalabe chigonere mpaka msambi utapita, kuti zotsalazo zisagwirizanitse kulira kwa mfuti ndi munthu. Ngati nyama yagwera posaoneka, magazi a pamalo amene inaima amalankhula: ofiira mowala a thovu ndi a mapapo, akuda ndi a chiwindi, osakanikirana ndi zobiriwira ndi a chifu. Akaipeza, mlenje amaifikira chakumbuyo n'kukhudza diso lake ndi nsonga ya ndodo. Likapanda kuphethira amachotsa zipolopolo mumfuti n'kutulutsa mpeni.

Kutumbula, kumene iwo amati gralloch, kumachitikira pomwepo, chifukwa kutentha kwa m'mimba kumawononga nyama msanga. Mpeni wake ndi waufupi, mwina masentimita 10, wa chigwiriro chosamwa magazi. Amayamba waloza mutu wa nyama kumunsi, n'kubaya patsinde pa khosi, kutsogolo kwa fupa la pachifuwa, n'kupanikiza nthiti ndi bondo kuti magazi atuluke. Kenako amang'amba khungu la pakhosi n'kulekanitsa mipope iwiri, kholingo lolimba lodutsa mpweya ndi m'mero wofewa wodutsa chakudya. M'merowo amaupala ndi mpeni mpaka mnofu wofiira woterera utachoka, kutsale koyera kokhakhala, n'kuudula, n'kumanga mfundo. Akapanda kupala, mfundoyo imamasuka. Kanthu kakang'ono kameneka ndi kamene kamatsekera zobzikula zonse m'chifu kuti zisadonthere pa nyama.

Akaigoneka chagada amatsina khungu la pamimba n'kuboola pang'ono. Zala ziwiri za dzanja lamanzere zimalowa, n'kunyamula khungu kulitalikitsa ndi matumbo, ndipo mpeni umayenda pakati pa zalazo kuthwa kwake kuli m'mwamba. Amang'amba pongokwanira, chifukwa bala lalikulu limatola dothi pokoka. Dzanja limalowa mpaka m'chigongono, n'kufufuza m'mero uja kutsogolo kwa chifu, n'kuukoka mofatsa mpaka mfundo itatulukira m'mimba. Kumbuyo amakama ndowe kuzibwezera m'matumbo, n'kumanganso. Akatero chifu ndi matumbo zimagubuduka pa udzu zili zathunthu, zomangidwa uku ndi uku, ndipo mkati mwa nyama mumatsala moyera. Mlenje wozolowera amamaliza m'mphindi zochepa, mikono ya malaya yokha itapindidwa. Asanachoke amayang'ana timabere ta m'matumbo ngati tatupa, chizindikiro cha matenda. Wozolowera kutumbula mbuzi angafunefune ndulu pachiwindi kuopa kuiphulitsa, koma mbawala zimenezi zilibe ndulu. Za m'mimbazo zimatsalira makwangwala ndi ziwombankhanga, ndipo ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene maesiteti ambiri asinthira ku zipolopolo za kopa, poti tizidutswa ta mtovu timapha mbalame zodya zotsala.

Kutsitsa nyama m'phiri ndi thukuta. Chingwe chimamangidwa kumutu, miyendo yakutsogolo n'kuikoleka pamodzi ndi khosi kuti isakole m'miyala, ndipo imakokedwa mutu patsogolo motsata mmene ubweya unagonera. Potsetsereka kwambiri wokoka amayenda pambali, kuti nyama ikathamanga yokha isamukolole miyendo. Kumunsi maesiteti ambiri masiku ano amadikira ndi Argocat, kagalimoto ka mateyala 8 koyenda m'dambo, koma ena, monga pachilumba cha Rum, akugwiritsabe ntchito mahatchi aafupi amphamvu a m'mapirimo, otchedwa garron. Wowatsogolera, ghillie, amaitanidwa pa wailesi ya m'manja, pamene kale ankamuitana ndi utsi wa heather. Hatchi amaiimika m'munsi mwa kagomo kuti nyama ingotsetserekera pachishalo, ndipo ikakhala yosazolowera fungo la magazi amaiphimba kumaso ndi jekete. Chishalocho chili ndi malamba ambiri, lililonse ndi ntchito yake, ndipo katundu akapendekeka pang'ono hatchi imatupa msana isanafike kunyumba. Mateyala amasiya mikwasa m'dambo imene imakhala zaka, pamene ziboda sizisiya kanthu kooneka.

Ntchito imathera m'chipinda chozizira cha esiteti, kunja kutada kale. Nyama imapachikidwa, mutu ndi ziboda zimadulidwa, fupa la pachifuwa limachekedwa, ndipo mtima, mapapo ndi chiwindi zimatulutsidwa n'kuunikidwa. Imayezedwa pasikelo, pamene yaikazi ya m'phiri imalemera makilogalamu 40 kapena 50, n'kumangiriridwa chikwangwani cha nambala, n'kuziziritsidwa mpaka madigiri 7 kapena kutsikirapo, chikopa chili pomwepo. Mlenje amatsegula nsagwada n'kuyendetsa chala pa mano a m'mbali. Akuthwa ndi a nyama yaing'ono, operepeseka mpaka kufika pa nkhama ndi a yokalamba, ndipo apa ndi pamene amadziwa ngati diso lake linalondola posankha. Amalemba m'buku zaka zake, kulemera kwake, mafuta okuta impso, ndiponso ngati inali ndi bere, ndipo manambala amenewa amathandiza kudziwa kuti chaka chamawa adzachotse zingati. Nyamayo ndi ya esiteti, ndipo kawirikawiri galimoto ya wogula nyama zakutchire imadzaitenga mkati mwa sabata. Mlendo amene akufuna mwendo woti akadye kwawo amachita kugula.